Tifunseni: nyali za ndege dzuwa likapendeka

Makalata ambiri mwezi uno achokera kuchigwa cha Shire, ndipo onse akuzungulira nkhani imodzi, ya tinyali timene timaoneka pa ndege madzulo. Mayankho akonzedwa ndi alangizi a oyendetsa ndege pamodzi ndi mainjiniya okonza ndege zing'onozing'ono. Safunsa anadya phula, choncho pitirizani kutilembera.

Ndikamaweruka kumunda madzulo ndimaona ndege ili ndi nyali yofiira mbali ina, yobiriwira mbali ina. Mwana wanga akuti n'zokongoletsa, ine ndikuti n'zounikira njira. Akulondola ndani?
*Mlimi wa nzimbe, Nchalo*

Nonse awiri mwaphonya, bambo, ngakhale inu mwayandikirako. Nyali zimenezo siziunikira woyendetsa njira, kuwala kwake n'kochepa kwambiri. Ntchito yake n'kuuza munthu wina amene akuiona ndegeyo kumene yaloza. Yofiira imakhala kunsonga ya phiko lakumanzere, yobiriwira kunsonga ya phiko lakumanja, ndipo yoyera imakhala kumchira. Manzere ndi manja amenewa ndi a munthu amene wakhala pampando woyendetsera atayang'ana kutsogolo.

Nzeru yagona pa mmene anazitchingira. Yofiira imaoneka kuyambira kutsogolo kwenikweni mpaka madigiri 110 kuzungulira kumanzere, yobiriwira madigiri 110 kuzungulira kumanja, ndipo yoyera imatenga madigiri 140 otsala kumbuyo. Mukawonkhetsa mupeza 360, kutanthauza kuti kulikonse kumene mwaima muona nyali imodzi kapena ziwiri, ndipo zimene mwaonazo zikuuzani nkhani yonse. Yoyera yokha, ndegeyo yakufulatirani. Yofiira yokha, ikudutsa kuchokera kumanja kwanu kupita kumanzere. Yobiriwira yokha, ikuchokera kumanzere kupita kumanja. Mukaona ziwiri nthawi imodzi, yofiira ili kumanja kwanu yobiriwira kumanzere, ndiye kuti yalunjika kwa inu.

Mitunduyi imagwirizana ndi lamulo la kupatsana njira mumlengalenga. Ndege ziwiri zikamayandikirana chopingasa, yopatuka ndi imene inzake ili kumanja kwake, ndipo woyendetsa amene ayenera kupatukayo ndi yemwe amaona nyali yofiira. Zikakumana maso ndi maso, iliyonse imakhotera kumanja kwake. Dongosololi ndege zinachita kubwereka kwa sitima zapamadzi: ku Britain analamula sitima zoyendera nthunzi kuyatsa nyali yofiira ndi yobiriwira m'chaka cha 1848, kale kwambiri ndege yoyamba isanauluke mu 1903.

Pali nyali zinanso zimene mwina mwazionapo. Ina ndi yofiira yophethira, imene oyendetsa amati beacon, ndipo imakhala pamwamba pa mchira kapena kumimba. Imeneyi imayatsidwa injini isanalizidwe, ndipo kwa inu amene muli pansi tanthauzo lake ndi limodzi: talikirani, pulopela izungulira posachedwa. Zina ndi zoyera zong'anima ngati mphezi kunsonga za mapiko, zotchedwa strobe. Zophethirazi zimang'anima ka 40 mpaka 100 pa mphindi imodzi. Zounikira njira zenizeni ndi ziwiri zokha, nyali yoterera ndi nyali yoyendera pansi, ndipo zimenezi ndiye zofanana ndi nyali zakutsogolo za galimoto.

Ndikuphunzira kuyendetsa ndege. Buku lina likuti nyali ziyake dzuwa likalowa, lina likukamba za chisisira. Kodi usiku umayamba nthawi yanji kwenikweni?
*Wophunzira, kwawo ku Ngabu*

Mabuku onse awiri akulondola, achimwene, kungoti akukamba zinthu ziwiri zosiyana. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, amene mayiko amatengerapo awo, amati ndege imene ili mumlengalenga iyatse nyali zosonyeza kumene yaloza ndi zophethira kuyambira pamene dzuwa lalowa mpaka pamene latuluka. Pomwe usiku, m'matanthauzo a bungwe lomwelo, umayamba chisisira chikatha, pamene pakati pa dzuwa patsika madigiri 6 kuseri kwa dziko. Dziko lililonse lili ndi ufulu woika malire ake. South Africa, mwachitsanzo, imawerenga usiku kuyambira mphindi 15 dzuwa litalowa. Inu tsatirani zimene zalembedwa m'malamulo a Malawi Civil Aviation Authority ndi m'buku la sukulu kapena kampani yanu, ndipo zikasiyana gwirani zokhwimazo.

Chimene mabuku olembedwa ku Ulaya sakuuzani n'chakuti kwathu kuno chisisira n'chachifupi. Chikwawa ndi Nsanje zili pakati pa madigiri 16 ndi 17 kummwera kwa equator, kumene dzuwa limatsika pafupifupi chowongoka. Kuchokera pamene lalowa kufika pa madigiri 6 aja pamangodutsa mphindi 21 mpaka 24. Ku London mwezi wa Juni chisisira chomwecho chimapitirira mphindi 40. Nthawi yolowera dzuwa nayo imasuntha ndi ola lathunthu pachaka: mu Juni limalowa cha m'ma 5:15, mu Disembala cha m'ma 6:10, kumapeto kwa Januwale cha m'ma 6:20. Samalaninso ndi mapepala a zanyengo, chifukwa nthawi yake amalemba ya UTC, imene ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola awiri. Pepala likati 1515, ndiye 5:15 madzulo.

Ndiye pali misampha itatu ya kuchigwa. Woyamba ndi wa kutalika. Mukakhala mamita 2,000 pamwamba pa nthaka mumaliona dzuwa kwa mphindi 5 kapena 6 litalowa kale kwa amene ali pansi. Inu kukuwalirani, mapiko ali psuu, koma potsika mumakhala ngati mukulowa m'chitsime. Wachiwiri ndi mapiri. Ku Nsanje mapiri a cha ku Chididi ali kumadzulo, ndipo mthunzi wake umaphimba chigwa nthawi ya papepala isanakwane. Wachitatu ndi utsi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, moto wa kutchire ndi nzimbe zotentha zimadzaza chigwa ndi utsi, dzuwa limazimirira mu utsimo lisanafike n'komwe pa mapiri.

Muziwerengera chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti ndi mwezi wa Juni ndipo mukuchoka ku Bangula kupita ku Chileka, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Pa ndege ngati Cessna 206, kuphatikizapo kukwera kuti mudumphe mapiri ochokera kuchigwa, ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 35. Wosaganiza anganyamuke 4:30 n'kumati afika dzuwa lilipo. Nanga akapeza chiperoni chatseka mapiri, monga chimachitira miyezi imeneyo? Abwerera ku Bangula n'kufika 5:40, mdima utagwa, pabwalo lopanda nyali. Kunyamuka 3:40 ndiye kumakupatsani mpata wopita, kulephera, n'kubwerera kudzatera 4:50 kukuoneka. Mafuta nawo amasintha: osungira amene masana amakhala a mphindi 30, usiku amafunika a mphindi 45.

Ndimathandiza pabwalo lina laling'ono. Oyendetsa ena amandituma kuti ndiwaonere nyali, ena safunsa n'komwe. Kodi kuyesa koyenera kumayenda bwanji?
*Wothandiza pabwalo, Chikwawa*

Takhuta, mbuya, chifukwa funso lanu ndiye mutu wa nkhani. Tiyambe ndi chifukwa chake amakutumani. Munthu ali pampando woyendetsera sangaione nyali ya kumchira, ndipo za kumapiko pa ndege zambiri saziona bwino. Ma Cessna ena ali ndi kapulasitiki koonekera kunsonga ya phiko kamene kamawala nyali ikayaka, koma masana kamanamiza. Swichi kukhala pa ON si umboni woti babu layaka. Umboni ndi maso a munthu amene waima panja.

Nthawi yabwino yoyesa ndi m'mawa, ndege isananyamuke pamalo pamene pali injiniya ndi mababu. Ambiri amalakwitsa apa. Amati ulendo ndi wa masana, nyali n'zosafunika, kenaka katundu wachedwa, wodwala wachedwa, ndipo babu lakupsa amalitulukira 5 koloko ali pabwalo la kumudzi kumene sangalipeze. Ulendo uliwonse umene kubwerera kwake kukugwera mkati mwa maola awiri dzuwa lisanalowe muziutenga ngati wa usiku. Muyese m'mawa, muyesenso musananyamuke ulendo womaliza, chifukwa kutera pabwalo la mabampu kumadula mababu amene m'mawa anali bwino.

Kayesedwe kake ndi aka. Woyendetsa ayambe watsimikiza kuti maswichi a magneto, zida zopereka moto ku mapulagi a injini, ali pa OFF, kiyi wachotsedwa, ndipo palibe munthu pafupi ndi pulopela. Ngati pali migolo ya mafuta pafupi kapena mukuthira mafuta, dikirani mumalize, migoloyo ichoke. Swichi siyatsidwa kapena kuzimitsidwa pamene pali fungo la mafuta. Akatero ayatse master, swichi yaikulu ya magetsi, aone mphamvu ya batire: ma volt 24 kapena kuposerako pang'ono pa ndege ya dongosolo la ma volt 28, ma volt 12 kapena kuposerako pa ya 14. Kenaka ayatse beacon, nyali za mapiko ndi mchira, ma strobe, yoterera ndi yoyendera pansi.

Inu zungulirani mwachangu koma mosadumpha. Yambani kutsogolo, muone yoterera ndi yoyendera pansi, mum'patse chizindikiro azimitse ziwirizi nthawi yomweyo, poti zimadya batire ndiponso zimatentha kwambiri ndege ikaima popanda mphepo. Pitani ku phiko lakumanzere. Dzuwa la kuno limabisa kuwala kwa babu, ndiye phimbani galasi ndi chipewa kapena manja awiri kuti muone ngati mkati mukuyakadi. Musakhutire ndi kuyaka kokha, tchulani mtundu mokweza: "kumanzere, yofiira!" Zimachitika kuti pokonza magalasi asinthanitsidwa, ndipo ndege yotero imanama kwa aliyense amene akuiona. Gogodani pang'ono ndi chala pambali pa nyaliyo. Ikaphethira kapena kuzima, pali waya wogwedera kapena babu lotsala pang'ono kuduka, ndipo injini ikalira lidzamalizika. Onani galasi ngati lang'aluka, ngati muli madzi kapena nthunzi mkati, ngati zomangira zake zonse zilipo. Pukutani fumbi, tizilombo tofera pamenepo, ndi mankhwala ngati ili ndege yopopera m'minda. Gwiritsani nsalu yofewa ndi madzi, osati petulo, chifukwa amawononga pulasitiki.

Kumchira onani yoyera ndi beacon, ndipo muone kuti ikuphethira mofanana osadumphadumpha. Ndege zina zilibe nyali kumchira, yoyerayo anaiika kumbuyo kwa nsonga ya phiko lililonse, choncho funsani musananene kuti yasowa. Malizani ndi phiko lakumanja, yobiriwira. Ma strobe musawayang'ane mwachindunji muli pafupi. Yang'anani kuwala kwake pansi kapena pa dzanja, ndipo onse awiri ang'anime. Zonsezi zisapitirire mphindi ziwiri, master azimitsidwe. Batire la ndege yaing'ono ndi laling'ono kuposa la galimoto, ndipo kuno kulibe ngolo yolizira ndege batire likafooka.

Gawo lomaliza ndi la woyendetsa yekha. Injini italira, ayatse nyali imodziimodzi akuyang'ana ammeter, kachida kosonyeza magetsi olowa ndi otuluka m'batire. Singano izigwedezeka pang'ono pa swichi iliyonse n'kubwerera, ndipo ma volt akhale cha pa 28 kapena 14 nyali zonse zili choyaka. Ayese nyali za pa mawotchi ndi chochepetsera kuwala kwake, aonenso tochi ndi mabatire ake apadera. Pa ndege zina za Piper za matayala opinda, kuyatsa nyali zimenezi kumachepetsa kuwala kwa tinyali titatu tobiriwira tosonyeza kuti matayala atsika, moti kukadali kowala munthu amaganiza kuti matayala akana.

Ndine makaniko wa magalimoto. N'chiyani chimapha nyali za ndege? Ndipo babu likapsa, la galimoto silingalowe?
*Makaniko, Bangula*

Zambiri mwa zimene zimapha nyali za ndege mukuzidziwa kale, amisiri, poti ndi zomwe zimapha za minibasi ya pamsewu wa fumbi. Choyamba ndi kunjenjemera. Kawaya ka mkati mwa babu kakatentha kamafewa, ndipo injini ndi mabampu zimakadula. Mababu ena otchuka a nyali yoterera, a ma watt 100, anawapangira moyo wa maola 25 okha. Chachiwiri ndi ethi. Magetsi a nyali amabwerera kudzera m'thupi la ndege, ndiye dzimbiri likagwira polumikizira, nyali imayaka mofooka kapena mwa apo ndi apo. Chinyezi cha m'mbali mwa Shire ndi madambo ngati Elephant Marsh chimafulumizitsa zimenezi. Chachitatu ndi madzi. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kumene kuno kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa labala wotchinga galasi, mvula yoyamba ikagwa madzi amalowa. Dzuwa lomwelo limachita galasi la pulasitiki mbuu, lofiira n'kuyamba kuoneka lotuwa. Ndege yogona panja imavutikanso ndi makoswe odya mawaya ndi mavu omanga zisa za dothi m'timabowo.

Pofufuza, onani kuchuluka kwa zimene zazima. Nyali zitatu zija nthawi zambiri zili pa swichi imodzi ndi circuit breaker imodzi, kachida kodula magetsi akachuluka. Ikazima imodzi, vuto lili pa babu, pa soketi kapena pa ethi ya nyaliyo. Zikazima zonse, yang'anani breaker, swichi kapena waya wamkulu. Breaker ikatuluka, siyani izizire, muibwezere kamodzi kokha. Ikatulukanso pali shoti, ndipo kuigwira ndi chala kuti isatuluke ndiko kuyatsa moto mkati mwa phiko limene muli mafuta.

Za babu la galimoto, ayi. Ndege zambiri zing'onozing'ono zimayendera ma volt 28. Cessna 172 inachoka pa 14 kupita pa 28 m'chaka cha 1978. Babu la ma volt 12 pa ndege yotero lipsa nthawi yomweyo, ndipo la 28 pa ndege ya 14 liyaka ngati koloboyi. Ngakhale ma volt atagwirizana, babu la kuphiko lili ndi kalilole mkati amene amaponya kuwala ku madigiri 110 aja, ndipo mapini ake anawapanga kuti lilowe njira imodzi yokha. Chilichonse cholowa pa ndege chiyenera kukhala ndi nambala yogwirizana ndi buku la zida za ndegeyo ndi chikalata chosonyeza kumene chachokera.

Chenjezo lapadera ndi la ma strobe akale. Kabokosi kake kamakweza magetsi kufika ma volt 400 kapena kuposa ndipo kamawasunga ngakhale mutazimitsa. Opanga amati dikirani mphindi zosachepera 5 musanagwire mawaya ake.

Masiku ano ambiri akusinthira ku nyali za LED, ndipo ife tikuona kuti kwa ndege yotera pamabwalo a dothi n'zoyenera ndalama yake. Zilibe kawaya koduka, zimakhala maola masauzande, ndipo zimadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi babu loterera la ma watt 250 limene limakoka pafupifupi ma amp 9. Koma zikhale zovomerezeka pa ndege. Zotchipa zimalowetsa phokoso mu wayilesi, woyendetsa osamvana ndi a pansanja yolondolera ndege.

Tayesa nyali cha m'ma 4:30 ndipo yobiriwira siyikuyaka. Zina zonse zili bwino. Tinyamuke?
*Wokonza maulendo a bungwe lina, Nsanje*

Yankho lili pa wotchi ndi pa buku, osati pa kufunika kwa ulendo. Ngati gawo lililonse la ulendowo, kuphatikizapo kubwerera kapena kupatukira kubwalo lina, lingagwere dzuwa litalowa, musanyamuke. Kuchokera ku Nsanje kupita ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 140, mphindi 45 kapena kuposa, ndiye mu Juni kunyamuka 4:30 n'kufika dzuwa likulowa ndendende, popanda mpata uliwonse. Nyali ziwiri mwa zitatu si "zambiri zikuyaka". Ndege yopanda yobiriwira, kwa wina amene akuiona chakutsogolo, imaoneka ngati ikudutsa chopingasa pamene ikubwera kwa iye.

Ngati ulendo wonse uthera masana ndi mpata wokwanira, woyendetsa atsegule mndandanda wa zida zimene ndege ingauluke zili zowonongeka, umene amati MEL. Ukalola, vutolo lilembedwe m'buku la ndege, pa swichi pamatidwe kapepala kosonyeza kuti nyaliyo siyikugwira ntchito, ndipo likonzedwe m'masiku amene mndandandawo wapereka. Za beacon ndi strobe malamulo amakhala okhwimirapo, poti zimafunika ngakhale masana. Kusintha babu, malamulo a mayiko ena monga America amalola mwini ndege amene amayendetsa yekha kuti achite, koma pa ndege yonyamula anthu kapena katundu wolipiritsa ndi ntchito ya injiniya wa chiphaso, amene amasainira.

Inu okonza maulendo mungathandize kwambiri pa chinthu chimodzi: woyendetsa akati tigona konkuno, m'pezereni pogona. Musam'kumbutse za msonkhano wa mawa.

Nthawi ya madzi osefukira helikopita inkasiya kubwera dzuwa likapendeka, chonsecho ili ndi nyali zamphamvu. Bwanji osatiuza tiyatse moto kapena nyali za galimoto kuti itere?
*Mayi wa ku Makhanga*

Mayi, funso lanu ndi la anthu ambiri amene anadikira thandizo mu Januwale 2015 kapena pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo si lopepuka. Koma nyali za helikopita, monga za ndege, zambiri n'zoti ionedwe. Yamphamvu ija imaunikira kadera kakang'ono kutsogolo, siionetsa waya wa magetsi kapena nthambi youma mpaka zitayandikira kwambiri. Choopsa china ndi madzi enieniwo. Chigwa chikasefukira, chisisira chikagwa, madzi ndi thambo zimakhala mtundu umodzi, ndipo woyendetsa satha kuona polekezera dziko. Popanda mzere umenewo thupi limanamiza, munthu amapendeka akuganiza kuti wawongoka. Kuuluka usiku kumalo otere kumafuna zida zapadera, maphunziro apadera ndi chilolezo, zimene si ndege iliyonse yothandiza ili nazo.

Moto musayatse. Mphepo ya mapiko a helikopita imamwaza makala pa matenti ndi madenga a udzu, ndipo utsi umabisa malo oterera. Nyali za galimoto, matochi ndi mafoni zikaloza m'mwamba zimam'thobwa woyendetsa. Maso amatenga mphindi pafupifupi 30 kuti azolowere mdima, koma kuwala kwa kanthawi kochepa kumafafaniza zonsezo. Izi zikukhudzanso ana amene amaseweretsa timatochi ta laser. Pa ndege ya mapiko, galimoto ziwiri sizingalowe m'malo mwa nyali za m'mbali mwa msewu wa ndege, chifukwa sizionetsa kutalika kwa msewu kapena mmene ndege yatsikira.

Chimene mudzi ungachite ndi ichi. Uthenga wa wodwala uzipita m'mawa, usadikire kuti tione mmene kuchere masana. Pabwalo la mpira kapena poterera pachotsedwe mapepala, zitenje zoyanika, malata ndi zidebe. Madzulo ndi nthawi imene ng'ombe ndi mbuzi zimabwerera kukhola, ndipo kuchigwa kuno njira zake zimadutsa pamabwalo a ndege, choncho pakhale akuluakulu oziletsa pamodzi ndi a njinga. Nyali yofiira ija ikamaphethira aliyense akhale kutali, ndipo kumchira kwa helikopita kusapite munthu, poti kapulopela ka kumeneko kakamazungulira sikaoneka, makamaka kukamada.

Nanga nyali zikazima ndege ili m'mwamba?
*Mphunzitsi, Sorgin*

Babu limodzi likapsa woyendetsa nthawi zambiri sadziwa, mpaka wina amuuze. Akadziwa, auze a pansanja kapena ndege zina pa wayilesi, asiye ma strobe ndi nyali yoterera zili choyaka, n'kutera pamalo oyenera apafupi. Vuto lalikulu ndi pamene alternator yasiya kutchaja batire. Zizindikiro zake ndi kanyali kochenjeza, ammeter yosonyeza kuti batire likutha, ndi ma volt kutsika kuchoka pa 28 kupita pa 24. Injini siyizima, chifukwa moto wa mapulagi umachokera ku ma magneto amene sadalira batire. Koma nyali, wayilesi, ndi ma flap (timapiko ta kumbuyo kwa phiko tothandiza potera) pa ndege zambiri za Cessna zimadalira batire, limene lingapirire pafupifupi theka la ola ngati lili labwino. Ndiye amatsatira buku la ndegeyo, kuyesa kubwezera alternator kamodzi, ikakana n'kuzimitsa zonse zosafunika. Nyali yoterera, poti ndiyo idya kwambiri, amaisungira mphindi zomaliza.

Ndinaona ndege itazimitsa nyali zong'anima zija ili pansi, n'kuziyatsa ponyamuka. Ikusunga magetsi?
*Mlonda, Nchalo*

Ayi bambo, ikusunga maso a anthu. Ma strobe amathobwa amene ali pafupi, ndiye amayatsidwa polowa mumsewu wonyamukira n'kuzimitsidwa ndege ikapatuka itatera. Amazimitsidwanso mumtambo, mu nkhungu kapena mu utsi wochindikala, chifukwa kuwalako kumabwerera m'maso mwa woyendetsa n'kum'chititsa chizungulire. Nyali yoterera ndiyo ambiri amaisiya choyaka akamauluka chapansi madzulo, ngakhale kukuoneka, kuti akakowa ndi mbalame zina zobwerera kogona m'madambo ziione ndege ikadali patali.